Chilungulira ndi kudzimbidwa pakati pakakula

Mayi wa pakati pa miyezi 7 kapena 8 akadandaula kusikelo kuti pamtima pakumuotcha, nthawi zambiri chimakhala chilungulira. Pomwe njira ya chakudya imalowera m'chifu pali kamnofu kotseka kuti asidi asabwerere kummero. Homoni ya progesterone imakafewetsa, kwinaku chiberekero chikukankhira chifu m'mwamba, ndiye asidi amakwera. Homoni yomweyo imachedwetsanso matumbo, n'chifukwa chake chimbudzi chimauma.

Kukhuta kwambiri nsima kapena kondowole usiku n'kukagona pompo ndiko kumaputa vutoli. Chakudya chomwecho chigaweni, muzidya pang'onopang'ono kasanu kapena ka 6 pa tsiku, ndipo papite maola awiri kapena atatu musanagone. Usipa kapena chambo muzichita kuphika kapena kuotcha. Zokazinga, tchipisi, tsabola ndi zakumwa za gasi zimawonjezera kutentha. Gonerani kumanzere, mutu ndi mapewa zikhale pokwera. Ngati mumagona pamphasa, pindani bulangete. Chitenje musamange mothina pamimba.

Kudzimbidwa kumafuna madzi, makapu osachepera 8 pa tsiku, makamaka ndi kutentha kwa ku Salima kuno mu Okutobala ndi Novembala. Mgaiwa umaposa ufa woyera, ndipo nyemba, bonongwe, nkhwani ndi mango zimafewetsa chimbudzi. Dothi lomwe amayi ena amalilakalaka limaumitsa chimbudzi ndipo lingabweretse njoka zam'mimba. Mapilitsi owonjezera magazi nawonso amadzimbitsa ndi kudetsa chimbudzi, koma chonde musawasiye, chifukwa kuchira ndi magazi ochepa n'koopsa kuposa kudzimbidwa. Auzeni azamba akuthandizeni kamwedwe kake. Akakupatsani mankhwala a chilungulira otchedwa magnesium trisilicate, musiyanitse ndi mapilitsi a magaziwo kwa maola awiri, apo ayi ayironi wa m'mapilitsiwo salowa bwino m'thupi. Soda wophikira therere musamwe ngati mankhwala, ndipo Brufen ndi woopsa kwa mwana m'miyezi imeneyi.

Chotidetsa nkhawa kwambiri ife azamba ndi ichi: si ululu uliwonse wa pamtima umene uli chilungulira. Ukakhala pansi pa nthiti zakumanja, limodzi ndi mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kapena kutupa nkhope ndi manja, akhoza kukhala BP wokwera, 140/90 kapena kuposa, amene amatha kukomola mayi. Musadikire tsiku la sikelo. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, akayeze BP ndi mkodzo. Teroninso mukasanza magazi, kapena mwana akachepetsa kusewera m'mimba.