Kukhala ndi foni sikukhala pa intaneti

Anthu ambiri a m'tauni amati poti masiku ano aliyense ali ndi foni, ndiye kuti intaneti inafika paliponse. Sizoona.

Pitani pamsika wa Lizulu kapena Tsangano ku Ntcheu. Amayi ogulitsa mbatatesi ndi kabichi amalandiradi ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, koma zimenezi zimayenda ndi manambala ongodina pa kafoni ka mabatani, sizifuna intaneti. Kuti munthu alowe pa WhatsApp pamafunika foni yodula, bandulo yomwe imatha msanga, komanso moto. Midzi yambiri kuno magetsi a ESCOM sanafike, choncho kutchajitsa nakonso n'kolipira, pa sola ya munthu wina kapena kumalo ochitira malonda. Netiweki nayo imavuta m'zigwa za pakati pa mapiri, mpaka munthu kukwera pachulu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti maganizo olakwikawa amapweteka anthu. Ntchito ikalengezedwa pa Facebook pokha, mtsikana wakumudzi amene anakhoza bwino MSCE amamva tsiku lotseka litadutsa. Mlimi naye amagulitsa mbatatesi kwa mavenda asakudziwa mtengo wa ku Lilongwe tsiku limenelo.