Khirisimasi ya mpunga ndi nkhuku: kumene idachokera kwa Amalawi a ku Harare

Disembala akafika, Ashona ambiri a mu Harare amamanga katundu kupita kumudzi, kumene iwo amati kumusha. Mabasi a pa Mbare Musika, siteshoni yaikulu ya mabasi mumzindawu, amadzaza mpaka pakhomo. Koma mabanja ambiri olankhula Chichewa ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa ndi Epworth amatsala m'tauni, poti mudzi wawo uli kutsidya kwa Tete, ndipo ena sadaupondeko chibadwire. Mkangano umene umabuka chaka ndi chaka m'nyumba zimenezi, woti tigule zingati ndipo tikuonetsa yani, mizu yake ili pomwepo.

Azigogo awo adachoka ku Nyasaland pothawa msonkho ndi thangata. Ena adayenda pansi, ena adakwera malole a Ulere onyamula ofuna ntchito kwaulere, ena adalembedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, onse ulendo wa ku Halale, monga ankanenera kumudzi. Adakathera m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu mu Salisbury, dzina la mzindawu mpaka 1982. Osabwerera aja ndiwo matchona. Kwa munthu wa pakomboni, Khirisimasi sinali nkhani ya sitolo ayi. Linali tsiku losagwira ntchito. Chaka chonse phoso linali ufa, nyemba ndi mchere, koma patsikuli bwana ankapha ng'ombe n'kugawa nyama, shuga ndi maswiti a ana. Mawu oti "Khirisimasi bokosi", amene ana amapemphera mphatso mpaka lero, ndi a nthawi imeneyo. Mmawa kunali mapemphero, poti mpingo wa ku Nkhoma udatsatira anthu ake ku Salisbury kuyambira 1912, ndipo mu 1965 udakhala sinodi payokha mu CCAP. Masana bwalo linali la gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, ndi beni kumigodi. Zonsezi sizinkalira ndalama zambiri. Zinkalira ng'oma, thobwa ndi anthu.

Khirisimasi ya m'sitolo idadza ndi malipiro a pamwezi, bonasi ndi akaunti ya zovala yolipira pang'onopang'ono. Mwana aliyense amayenera kutuluka atavala zatsopano kuyambira kumutu mpaka kuphazi, buledi wopaka jamu n'kumadyedwa ngati mawa kulibe, Mazoe, chakumwa chosungunula ndi madzi, pa tebulo, kenako ulendo wokaona magetsi a Khirisimasi mu First Street, msewu wa pakati pa mzinda. Kwa anthu amene ankanyozedwa kuti mabwidi, opanda kwawo, kuvala bwino patsikuli kunali kuyankha osatsegula pakamwa. N'chifukwa chake agogo ena mpaka pano salola kuti mdzukulu alowe m'tchalitchi pa 25 ndi nsapato ya chaka chatha, ndipo si chilungamo kuwaseka.

Kenako zinthu zidatembenuka. ESAP ya 1991, ndondomeko ya boma yosintha kayendetsedwe ka chuma, idachotsa anthu ambiri ntchito. Kulanda mafamu kuyambira 2000 kudabalalitsa makomboni, Murambatsvina wa 2005, kampeni ya boma yophwasula nyumba zosaloledwa, n'kugwetsa tinyumba tam'mbuyo timene ambiri adathawiramo. Pofika Khirisimasi ya 2008 mashelefu anali mbee, ndalama yotapa kubanki mmawa inali itatha mphamvu pofika madzulo, ndipo mpunga unkachokera ku Musina ku South Africa kapena ku Chimoio ku Mozambique. Ana amene adakula zaka zimenezo ndiwo makolo a lero. Iwo adaona kuti tsikuli limadutsa ndithu popanda kugula, choncho zotsatsa za Black Friday zikayamba kumapeto kwa Novembala, iwo amawerenga zina: lendi, feteleza wa kamunda ka m'mphepete mwa msewu, yunifolomu ndi fizi, poti sukulu zimatsegulira sabata yachiwiri ya Januwale. Umphawi wa mwezi umenewo anthu a kuno adautcha dzina la matenda, January disease.

Banja la anthu asanu ndi atatu lofuna Khirisimasi yachete limakwanitsa ndi mpunga wa makilogalamu 2, nkhuku ziwiri, botolo limodzi la mafuta la malita 2, kabichi, tomato, anyezi, malofu atatu a buledi ndi Mazoe wa malita 2, amene akasungunulidwa kapu imodzi pa makapu anayi a madzi amafika malita 10. Mpungawo ndi wa kawiri: kilogalamu imodzi pa 25, inayo pa 26. Muyeso ndi kapu imodzi ya mpunga, makapu awiri a madzi. Cholakwika cha chaka chilichonse ndi kuthira wonse mumpoto umodzi wa pansi popyapyala pa moto waukali. Pansi umapserera pamwamba usanapse. Madzi akangouma, phulani makala ena, vundikirani, ikani makala pachivundikiro.

Nkhuku ndiyo imafuna nzeru. Oweta amaika anapiye a broiler kumayambiriro kwa Novembala kuti pakatha masabata asanu ndi limodzi zikhale zokhwima. Yamoyo igulidwe pa 23 kapena 24, osati sabata yathunthu tsikulo lisanafike, chifukwa imadya chakudya chogula ndipo kutentha kwa Disembala kumaipha msanga m'kakhola kothina. Yozizira nayo ili ndi vuto lake: magetsi akazima tsiku lonse, firiji yotsegulidwa kawirikawiri ndi ana imasungunula nyama, fungo n'kuyamba. Thobwa liyambike pa 23. Phikani phala la mgaiwa, lizizire kufikira chala chitapirira, thiranimo chimera, ligone, mawa lake muwiritsenso. Chimera chikathiridwa phala lili moto, thobwa silitsekemera.

Amayi ambiri katundu wa Khirisimasi samugula m'Disembala. Amasonkha mwezi ndi mwezi m'magulu a mukando, ofanana ndi chipereganyu cha kumudzi, n'kumagula shuga, mafuta, sopo ndi mpunga pa holoselo, kugawana kumabwera kumapeto kwa chaka. Nzeru imeneyi idakula chifukwa ndalama ya kuno siikhulupirika: boma lidatulutsa ndalama zatsopano, ma bond note mu 2016 ndi ZiG mu 2024, ndipo aliyense adaphunzira kuti thumba la shuga limasunga mtengo kuposa pepala. Gulu limagwa ngati msungichuma ndi mmodzi yekha wopanda buku, kapena ngati agula ufa ndi fulawa mu Juni, zimene pofika Disembala zimakhala zitafumbwa.

Zovala ndiye pamene mkangano umatsalira. Makolo achinyamata amati kaunjika wa ku msika wa Mupedzanhamo ku Mbare akachapidwa ndi kusitidwa ndi watsopano, ndipo nsapato yogula ikhale yakuda ya kusukulu, mwana aivale pa 25 kenako aisunge mpaka Januwale. Agogo amang'ung'udza, komabe m'nyumba zambiri nsapato yakudayo ndiyo imalowa m'tchalitchi mmawa wa Khirisimasi.