Chatelaine: dzina la mayi lomwe lidatsikira m'chiuno

Ophunzira Chifalansa akandifunsa za kachipewa kokhala pamwamba pa â, ndimawalembera pa bolodi mawu akuti châtelaine. Kachipewako ndi chipsera. Pamenepo padali s amene adagwa kalekale, ndipo mukam'bwezera mupeza chastelaine, mbale wake wa castle wa m'Chingerezi. Onsewo kholo lawo ndi castellum, mawu a Chilatini otanthauza linga laling'ono.

Ku France wakale, châtelain adali bambo woyang'anira linga, châtelaine n'kukhala mkazi wake, mwini khomo. Bamboyo akapita kunkhondo, zonse zinkatsala m'manja mwa mayiyu: nkhokwe, mosungira vinyo, mabokosi a nsalu. Wofuna kanthu ankayamba wapempha kwa wosunga makiyi.

Tsono dzinalo lidachoka pa munthu n'kupita pa chinthu. Mu 1828 magazini ya ku London, The World of Fashion, idatchula chatelaine kachitsulo kokowekedwa pa lamba m'chiuno, kolendewera timatcheni tingapo. Chinthucho sichidali chachilendo, chifukwa m'zaka za m'ma 1700 ankachitcha equipage. Chatsopano lidali dzina, ndipo ine ndimaona kuti adalisankha dala: mayi wa m'nyumba ya m'tauni azimva ngati mfumukazi ya linga.

Mukagwira chatelaine ya nthawi ya Mfumukazi Victoria ya ku Britain, choyamba kukudabwitsani ndi kulemera kwake. Pali sizasi m'kachimake kake, kachipewa kovala kuchala posoka, kabokosi ka singano, kawotchi, pensulo, kabuku ka timasamba ta mnyanga wa njovu, ngakhale kabotolo ka mankhwala onunkhiza munthu akakomoka. Makiyi osaiwala, kuphatikizapo ka bokosi la tiyi, poti masamba a tiyi adali odula moti ankawakhomera. Madiresi ambiri adalibe matumba okwanira, ndiye chiuno chinkasenza zonse. Mayi akamadutsa m'khonde, antchito ankamumva asanamuone, ngwerengwere. Manesi nawo adali ndi zawo, zopanda zokongoletsa, zomangirirapo zida za ntchito.

Zikwama za m'manja zitafala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, tcheni adakalowa m'dirowa. Mawuwo adatsala. Ku Canada, magazini ya amayi yotchedwa Chatelaine idayamba kutuluka mu 1928, dzina lake lopanda kachipewa kaja pa a. Mlongo wake wa Chifalansa adabwera mu 1960, atakavala.