Kuchepetsa zimbale za mafilimu pakhomo popanda kutaya zosowa

Kabokosi kamodzi ka DVD n'kokhuthala mamilimita 14. Ndiye kuti shelefu yotalika mita imodzi imanyamula timabokosi pafupifupi 70, ndipo munthu amene wasonkhanitsa mafilimu 500 amafunika mamita 7 a shelefu. Koma chimbale chenichenicho n'chopyapyala, mamilimita 1.2 basi. Zimbale 500 zija mutazisanjikiza zokhazokha, mulu wake ungangokwana masentimita 60. Choncho munthu akamadandaula kuti mafilimu adzaza nyumba, amakhala ali ndi nkhani ziwiri: ya mafilimu omwe sakuwafunanso, ndi ya pulasitiki yomwe ikudya malo. Ambiri amaziphatikiza, mapeto ake amataya filimu yosowa pofuna malo omwe akanawapeza mwa njira ina.

Ntchito imayamba ndi kaundula. Tulutsani zimbale zonse, za m'kabati, za m'makatoni, ngakhale chomwe chinatsalira m'makina oonetsera, muziunjike pamalo amodzi. Kabokosi kalikonse mukatsegule, chifukwa si zachilendo kukapeza kopanda kanthu kapena muli chimbale cha filimu ina. Kenako lembani dzina la filimu, chaka chake, ngati ndi DVD, Blu-ray kapena 4K, nambala ya dera la dziko lapansi lomwe chimbalecho chinapangidwira, ndi mmene chimbalecho chilili. Kope wamba limakwanira, ngakhale pakompyuta m'posavuta kusanja ndi kufufuza. Palinso mapulogalamu a pafoni omwe amawerenga timizere takuda ta kumbuyo kwa chikuto n'kudzaza okha zonsezi. Amafulumizitsa ntchito, koma nthawi zina amabweretsa filimu yolondola ya mtundu wina, choncho muziyerekeza ndi zomwe zalembedwa pachikuto.

Musanasankhe chosunga, dziwani kaye chomwe chikadali ndi moyo. DVD yogula imapangidwa ndi mapulasitiki awiri, iliyonse yokhuthala mamilimita 0.6, omatidwa ndi guluu. Pakati pawo pali kachitsulo kopyapyala kwambiri komwe kamabweza kuwala kwa laser, ndipo filimu imawerengedwa pamenepo. Guluu akafooka, mpweya ndi chinyezi zimalowera m'mphepete kapena pabowo la pakati, kachitsulo kaja n'kuyamba kudyeka. Mukachiyang'ana chimbale chotere pakuwala, mumaona mawanga kapena kutuwa komwe sikuchoka ngakhale mupukute bwanji, chifukwa kuli mkati. Nthawi zina mumaonekanso tithovu pafupi ndi bowo, kusonyeza kuti mapulasitiki aja ayamba kulekana. Matenda amenewa alibe mankhwala.

Vuto n'lakuti si zonse zodwala zomwe zimaonekera m'maso. Mu 2025 kampani ya Warner Bros. inavomereza kuti ma DVD ake ena omwe anapangidwa pakati pa 2006 ndi 2008 akhoza kukhala ndi vuto, ndipo ambiri mwa ma DVD amenewa amaoneka abwinobwino pamene sakusewera. N'chifukwa chake kuyesa kwenikweni kumachitikira m'makina. Kuona kuti filimu yayamba sikokwanira. Mafilimu ataliatali ambiri amakhala pa DVD ya magawo awiri osanjikizana, yonyamula 8.5 GB m'malo mwa 4.7 GB, ndipo penapake chapakati pa filimu laser imachoka pa gawo loyamba kupita pa lachiwiri. Kuima kwa kamphindi pamalo amenewa n'kwachibadwa. Koma chimbale chofooka chimakonda kufera pomwepo: chithunzi chimaphwanyika timabwalobwalo, chimaima, kapena makina amabwerera poyambira. Ndiye dumphirani pakati pa filimu, muonere mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako mudumphire chakumapeto. Yambani ndi zomwe mumazikonda kwambiri, kuti ngati china chafa mufufuze cholowa m'malo mwake chikadapezeka.

Zina kuchotsa kwake sikufuna kuganiza kwambiri: zakufa, timabokosi topanda kanthu, ndi zimbale za HD DVD ngati mulibe makina ake, popeza mtundu umenewu unasiyidwa mu 2008 ndipo makina wamba a Blu-ray sauwerenga. Koma chimbale chikakanidwa ndi makina musafulumire kunena kuti chafa. Yang'anani kumbuyo kwa chikuto, pali kachizindikiro ka dziko lapansi kokhala ndi nambala. Ma DVD anagawidwa m'madera: 1 ndi United States ndi Canada, 2 ndi Ulaya, Japan, Middle East ndi South Africa, pamene mbali yaikulu ya Africa, Russia ndi India zili mu 5. Blu-ray imagwiritsa ntchito zilembo A, B ndi C, ndipo Africa ndi Ulaya zili mu B. Zimbale za 4K zilibe malire otere. Makina a dera limodzi amakana chimbale cha dera lina ngakhale chili chatsopano, koma alipo makina owerenga madera onse.

Pamene anthu amalakwitsa kwambiri ndi pa mafilimu obwereza. Mukakhala ndi filimu imodzi pa DVD ndi pa Blu-ray, n'zoona kuti Blu-ray imaoneka bwino: chithunzi chake ndi 1920 kwa 1080, pamene DVD imalekeza pa 720 kwa 576 kapena 720 kwa 480. Nthawi zambiri DVD ndiyo iyenera kupita. Komabe ikani zikuto ziwirizo pamodzi muwerenge. Onani kutalika kwa filimu m'mphindi, chifukwa ina ikhoza kukhala yotalikirapo, yokhala ndi zigawo zomwe zinadulidwa mu inzake. Onani zilankhulo za mawu olembedwa pansi pa chithunzi. Onaninso zowonjezera, monga ndemanga za omwe anapanga filimuyo ndi makanema osonyeza mmene anajambulira, chifukwa zambiri mwa izi sizinasamutsidwe pamene filimu inkatulutsidwanso pa Blu-ray. Ngati DVD yakale ili ndi chimbale chachiwiri cha zowonjezera, sungani chimenecho chokha pamodzi ndi Blu-ray m'kabokosi kolowa zimbale ziwiri. Zomwe siziyenera kumveredwa chisoni ndi ma DVD olembedwa kuti Full Screen pamene filimuyo inajambulidwa yotambalala: amenewa anadulidwa m'mbali kuti akwane pa TV zakale, ndipo gawo lina la chithunzi mulibemo.

Tsono pamabwera mawu omwe amataitsa zimbale zambiri: "Ili kale pa intaneti." Ili lero. Makampani oonetsa mafilimu pa intaneti amagwira ntchito ndi zilolezo zokhala ndi nthawi yake, ndipo chilolezo chikatha filimu imachotsedwa. Ngakhale yomwe mwalipira kuti ikhale yanu, nthawi zambiri mwangogula chilolezo choionera malinga ndi malamulo a kampaniyo. Choncho pa chimbale chilichonse pali mafunso awiri, ndipo lachiwiri ndilo lolemera. Kodi ndidzaionerenso? Nanga nditaifuna, ndingaipezenso? Filimu yotchuka yomwe inasindikizidwa yambirimbiri, ndipo papita zaka musanaigwire, ikhoza kupita popanda nkhawa. Koma filimu ya opanga ang'onoang'ono, sewero lakale la pa TV, kapena chimbale cha oimba chomwe chinatuluka kamodzi kokha, zimenezi zisungeni ngakhale muzizionera patalipatali. Zomwe mukukayika ziikeni m'katoni, mulembepo tsiku. Chaka chikatha musanaitsegule, yankho mwalipeza.

Pali gulu lina lomwe sililowa n'komwe pa kusankha kumeneku: zimbale zojambulidwa pakhomo, zokhala ndi makanema a banja. Izi ndi DVD-R kapena DVD+R, zija zofiirira kunsi. Filimu yake imalembedwa pa utoto womwe laser imauwotcha, ndipo utotowu umafooka ndi dzuwa komanso kutentha msanga kuposa kachitsulo ka m'zimbale zogula. Palibe kwina komwe mungakazigule, choncho zikopereni musanachite china chilichonse. Koperani foda yonse yotchedwa VIDEO_TS, osasiyako fayilo ngakhale imodzi. Zimbale 50 za 4.7 GB sizifika 250 GB, ndiye hard drive imodzi imazinyamula zonse, koma sungani makope awiri, lina kunyumba ina. Chenjezo lina: zimbale zojambulidwa ndi kamera kapena makina ojambulira a pakhomo zimafunika kutsekedwa (finalize) m'makina omwewo pomaliza, ndipo chosatsekedwa makina ena amachiona ngati chopanda kanthu. Musataye makina omwe anajambulawo musanatsimikize kuti zonse zikuwerengeka pakompyuta.

Kukopera zimbale zogula ndi nkhani ina. Zambiri zili ndi loko woletsa kukopera, CSS pa DVD ndi AACS pa Blu-ray, ndipo m'mayiko ena kuthyola loko ameneyu n'kulakwira lamulo ngakhale chimbalecho munagula nokha. Kugulitsa chimbale n'kutsala ndi kope lake nakonso si chilungamo kwa eni filimu. Malo ake nawonso si ochepa: Blu-ray imanyamula 25 GB kapena 50 GB, ndiye mafilimu 100 akhoza kufuna mpaka 5 TB, pa chipangizo chomwe chimatha kufa tsiku limodzi osachenjeza.

Mukatsala ndi zosunga, m'pamene nkhani ya pulasitiki imabwera. Timabokosi topyapyala ta mamilimita 7 timachepetsa malo ndi theka. Timatumba tapadera tolowa chimbale pamodzi ndi pepala la chikuto timachepetsa kuposa pamenepo. Sankhani ta pulasitiki ya polypropylene tokhala ndi kansalu kofewa mkati. Ta PVC tipeweni, chifukwa mankhwala omwe amaifewetsa amatuluka pakapita nthawi n'kumatirira pachimbale. Mabuku a zipi onyamula zimbale mazana amasunga malo ndithu, koma ndi omwe amakanda zimbale kwambiri: kamchenga kamodzi kakalowa m'thumba, kamakanda nthawi iliyonse yomwe mukulowetsa kapena kutulutsa, ndipo buku lodzaza mopyola limapanikiza za mkati. Njira yabwino n'kusakaniza. Zosowa, za m'mabokosi achitsulo ndi za m'mabokosi aakulu a zimbale zingapo zikhale mmene zinabwerera. Zomwe mukuganiza kuti mudzagulitsa nazonso musazitayire timabokosi, chifukwa wogula amafuna chathunthu. Zotsalazo zilowe m'timatumba.

Za m'timabokosi zisanjeni motsatira zilembo, musiye mpata pang'ono pashelefu iliyonse. Za m'timatumba zipatseni manambala, nambalayo mulembe m'kaundula. Chatsopano chimangotenga nambala yotsatira, simusunthanso zinzake. M'kaundula momwemo muzilemba amene wabwereka ndi tsiku lake.

Pogwira chimbale, gwirani m'mphepete ndi pabowo. Pochichotsa m'kabokosi dinani kaye kabatani ka pakati. Kuchikoka m'mbali kumachipinda, n'kuyambitsa ming'alu pabowo yomwe imakula chikamazungulira. Popukuta gwiritsani ntchito kansalu kofewa kosasiya ulusi, ndipo muzipukuta mowongoka kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira. Chifukwa chake n'chakuti filimu inalembedwa pamzere wozungulira. Kukandika kodutsa mizere kumawononga pang'ono pa mzere uliwonse, ndipo makina amatha kukonza okha zosowazo. Kukandika kotsatira mzere kumafafaniza gawo lalitali motsatizana, makina n'kulephera. Zidindo za zala zamafuta zimachoka ndi madzi ofunda pang'ono ndi kadontho ka sopo wamadzi, kapena ndi isopropyl alcohol. Musamatepo mapepala, chifukwa amalemetsa mbali imodzi ndipo chimbale chimanjenjemera m'makina. Lembani ndi cholembera chofewa pa kabwalo koyera ka pakati, pomwe palibe filimu.

DVD yokandika ikhoza kupalidwa ndi makina osalaza, popeza pali pulasitiki ya mamilimita 0.6 yoteteza filimu. Blu-ray ndi yosiyana: filimu ili pa mamilimita 0.1 okha kuchokera kunja, yotetezedwa ndi chophimba cholimba. Sikandika msanga, koma ikakandika mozama, kuipala kumangochotsa chitetezocho. Mankhwala otsukira mano, omwe ena amawayamikira, amasiya timikwingwirima tambirimbiri m'malo mwa kamodzi.

Malangizo omwe bungwe loona za miyezo la NIST la ku United States linatulutsa mu 2003 amati zimbale zisungidwe choimika ngati mabuku, pamalo ozizira pakati pa madigiri 4 ndi 20 Celsius, ndi chinyezi cha pakati pa 20 ndi 50 peresenti. Nyumba zambiri sizifika pamenepo, koma mungayandikire. Sankhani khoma lamkati, kutali ndi zenera, khitchini ndi bafa. Makatoni musawaike pansi penipeni kapena kudenga kotentha, ndipo chimbale chisagone m'galimoto yoima padzuwa. M'bokosi lotseka ikanimo timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, chifukwa nkhungu imayambira pa mapepala a zikuto.

Zochotsedwa zomwe zikusewera bwino zigulitseni kapena mupatse ena. Zosowa gulitsani chimodzichimodzi, zofala zipite pamodzi ngati mulu. Zakufa musaziwotche, utsi wake ndi woipa. Chimbale ndi cha pulasitiki ya polycarbonate, kabokosi kawirikawiri ndi ka polypropylene, ndipo okonzanso zinyalala amafuna ziwirizi zitalekanitsidwa, mapepala padera. Chojambulidwa pakhomo chokhala ndi zachinsinsi chiduleni ndi sizasi yaikulu chitakulungidwa m'nsalu, chifukwa tizidutswa timathamanga.

Chotsiriza kuganizira ndi makina enieniwo, omwe akuchepa pamsika. Samsung inasiya kutulutsa makina atsopano a Blu-ray mu 2019, ndipo LG inasiya kumapeto kwa 2024. Makina a Blu-ray amawerenganso DVD, koma a DVD sawerenga Blu-ray, ndipo zimbale za 4K zimafuna makina akeake. Ngati muli ndi makina angapo ndipo mukufuna kutsala ndi amodzi, sungani omwe amawerenga mitundu yonse yomwe ili pashelefu yanu, pamodzi ndi rimoti yake, mabatire atachotsedwa ngati ikhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito. Onjezaninso kachipangizo kowerenga zimbale kolumikiza ku kompyuta ndi USB, popeza makompyuta ambiri atsopano amabwera opanda polowetsera chimbale.