Dziwe la pamaluwa si dzenje lopaka simenti

Ndatopa nako kuitanidwa dziwe litang'aluka kale. Munthu wamanga nyumba yamakono kunja kwa tauni, akufuna dziwe pakati pa kapinga ndi maluwa, ndiye amauza mmisiri amene anamanga mpanda uja kuti angokumba n'kupaka simenti. Ine amandikumbukira mu Okutobala, madzi atathawa.

Dziwe la mayi wina limandiwawabe mpaka lero. Analikumba potsetsereka penipeni, ati mvula izidzaza yokha. Inadzazadi, koma ndi matope komanso feteleza yense wa pakapinga, madzi n'kubiriwira ngati therere. Dothi lake linali makande, aja amafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, ndipo simenti yopanda zitsulo inagonja chaka choyamba chomwe. Ndiye mnzawo wina, mwachifundo chake, anawapatsa namasupuni kuti akongoletse. Namasupuni! Yemwe uja amachita kumuvuula mu Shire ku Liwonde kuti asakatseke makina a magetsi ku Nkula. Sipanatenge nthawi, namasupuni anaphimba dziwe lonse, madzi osaonekanso. Mayiwo anandifunsa ngati pali mankhwala. Panalibe, tinagumula zonse.

Dziwe lizikhala poyamba, maluwa ndi tinjira zitsatire. Mlomo wake ukwere pang'ono kuti madzi othamanga azilambalala, ndipo kumtunda kwake mubzale vetiva. Bulugamu akhale kutali. Pansi yalani mchenga, kenako pulasitiki wokhuthala wa madamu, osati uja wofolerera nyumba amene anyamata ena amakugulitsani m'dzina la "liner". Mbali imodzi itsike pang'onopang'ono, chifukwa mwana wokwawa amamira ngakhale m'madzi ofika m'kakolo, ndipo pakhomo pa ana aang'ono sindikumba popanda mpanda. Gumbwa amakongola, koma mubzaleni mu ndowa yomiza, apo ayi alanda dziwe lonse.

Za udzudzu musandiuze kuti mudzaona kutsogolo. Kukatentha, dzira limasanduka udzudzu wouluka pasanathe milungu iwiri. Ikani makumba angapo ndi kapampu koyendetsa madzi tsiku lomwe mwadzaza.

Madzi akayamba kutsika, lekani kumangowonjezera ndi paipi mwezi wathunthu uku dothi lapansi likukokoloka. Ikani ndowa ya madzi pambali pa dziwe, lembani chizindikiro monse muwiri, muone pakapita masiku awiri. Dziwe likatsika kuposa ndowa, likudontha, ndipo amene akuti angomata ndi kasimenti pang'ono musamupatse ndalama.