Za mafuta a nsato, mamba a ngaka ndi ndulu ya ng'ona

Ine ndimagwira ntchito ya zaumoyo kuno ku Mangochi, ndiye funso loti "adokotala, mafuta a nsato amapoletsadi bala la moto?" ndalimva kambirimbiri moti ndangoti ndiyankhe kamodzi.

Timvetsetsane kaye, mankhwala a asing'anga ambiri ndi mizu, makungwa ndi masamba, kachiwalo ka nyama kaja kamalowa ngati chizimba, chopatsa mphamvu mankhwalawo. Ndipo posankha chizimba amayang'ana khalidwe la nyamayo. Kamba amabisa mutu m'chigoba, ngaka ikaopsezedwa imadzipinda ngati mpira, ndiye amati nawenso zikutchinjiriza chimodzimodzi. Maganizo ake akumveka ndithu, koma mamba a ngaka ndi keratin, zomwe zimapanga zikhadabo zanu zomwe mumawenga ndi lezala zija, mulibe chochiza m'menemo. Komanso lamulo la nyama zakutchire lomwe analikhwimitsa mu 2017 limatha kukupatsa zaka mpaka 30 kundende ukapezeka nayo ngakayo.

Sikuti chilichonse chochokera ku nyama ndi bodza ayi. Uchi umalimbana ndi tizilombo pa bala, ndipo captopril, mankhwala a BP aja, anayambira pa kafukufuku wa ululu wa njoka ina ya ku Brazil, kungoti awo anayezedwa mu labu ndipo mlingo wake umadziwika.

Kuyeza kumaulula zambiri. Ife a m'mbali mwa Shire ndi Malombe tinakula tikumva kuti ndulu ya ng'ona kadontho kokha kamapha munthu, ndiye mu January 2015 anthu 75 atafa ku Chitima, ku Tete m'dziko la Mozambique, atamwa mowa pamaliro, anthu anathamangira kunena kuti wina wathiramo nduluyo, koma atayeza anapeza poizoni wa bakiteriya amene anaswana mu ufa wa chimanga womwe unanyowa ndi madzi osefukira. Ng'ona anangoinamizira.

Tsono za nsatozo, mafuta oti akhala m'kabotolo miyezi osadziwa kuti mwalowa chani musapake pa bala la moto, khungu lapsa lija ndi khomo lotsegula kwa tizilombo. Thirirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yochapa, mubwere naye wopsayo kuchipatala. Ngati mwapaka kale kena kake ingotiuzani osaopa, kuti tidziwe chotsuka.