Boggiatto, katswiri amene ankangothera pa nambala 4

Mu July 2026 zikukwana zaka 25 chichitikireni mpikisano wa dziko lonse wa zosambira ku Fukuoka, Japan, ndiye zandikumbutsa Alessio Boggiatto, katswiri wosambira wa ku Italy. Mwamumvapo? Ambiri ayi. Koma tchulani Massimiliano Rosolino, aliyense wotsata masewerawa ku Italy amudziwa, chonsecho ku Fukuoka kuja mu 2001 onse awiri anatenga golide pa medley, Rosolino pa mamita 200, Boggiatto pa 400.

Medley ndi ija munthu m'modzi amasambira masitayilo anayi motsatizana, butterfly, kenako chagada, kenako breaststroke, n'kumalizira freestyle. Pa 400 sitayilo iliyonse ndi mamita 100, ndiye amene ali ndi sitayilo imodzi yofooka amaonekera poyera, palibe pobisala.

Rosolino ndi wa ku Naples, wobadwa 1978, mayi ake a ku Australia. Ku Olympics ya Sydney mu 2000 anabwerako ndi mamendulo atatu, golide, siliva ndi buronzi, golideyo pa 200 medley nthawi yake 1:58.98. Basitu dzina linapangika pompo, pambuyo pake mpaka m'mapulogalamu a pa TV. Boggiatto, wa ku Moncalieri pafupi ndi Turin, wobadwa 1981, ku Sydney komweko anathera pa nambala 4 ali ndi zaka 19. Palibe chodandaula, mwana anali asanakhwime.

Pamene panagona nkhani, kwa ine, ndi Olympics ya ku Athens pa 14 August 2004. Boggiatto anafika kumeneko ali kale katswiri wa dziko lonse wa 2001 komanso wa ku Ulaya wa 2002 ku Berlin. Michael Phelps anangothawa yekha kutsogolo n'kuswa rekodi ndi 4:08.26, ameneyo tisamuwerengere. Nkhondo yeniyeni inali kumbuyo kwake, Erik Vendt wa ku America 4:11.81, László Cseh wa ku Hungary 4:12.15, Boggiatto 4:12.28. Taganizani, mamita 400 onsewo, mphindi zinayi zathunthu mapapo akupsa, n'kuluza mendulo ndi 0.13 ya sekondi, kuphethira kumene. Ku Olympics ya Beijing mu 2008 nambala 4 kachitatu, kumbuyo kwa Phelps, Cseh ndi Ryan Lochte, koma uko anamusiya patali ndi masekondi anayi ndiye sizipweteka ngati za ku Athens.

Wina atha kunena kuti golide wa ku Fukuoka anamutola pa mpata, Tom Dolan wa ku America, wagolide wa 400 medley ku Sydney, nthawi yake itatha, Phelps asanayambe kulamulira 400 medley. Mbali ina n'zoona, mndandanda wa opambana ukusonyezadi choncho. Koma mndandanda womwewo ukusonyezanso kuti amene anakhala wachiwiri tsiku limenelo ndi Vendt, munthu wa siliva wa Olympics kawiri konse, ndiye kunena kuti anangotola ndi kuwonjeza. Chimene mapepala a zotsatira salemba ndi momwe munthu amamvera akacheuka kuyang'ana bolodi n'kuona 4 pa dzina lake kachitatu.

Ndiye pali Luca Marin, mnzake wa 400 medley, siliva wa dziko lonse mu 2005 ndi buronzi mu 2007. Ameneyu manyuzipepala anamulemba kwambiri chifukwa cha chibwenzi chake ndi akatswiri osambira anzake, Laure Manaudou kenako Federica Pellegrini. Ku Beijing kuja Marin anathera pa nambala 5, kumbuyo kwa Boggiatto.